Tinawaletsa alamu kubetcha ku Smethwick, anakabetchera ku Handsworth

Unkhoswe sindinaupemphe. Unangondigwera chifukwa ku England kuno mlongo wanga alibe mbale wina wamwamuna koma ine. Kwathu ku Ntcheu nkhoswe yake ndi amalume athu, koma tsiku limene iye, mwamuna wake ndi mwana wawo wamkazi anatera ku Birmingham, amalume anandiimbira foni n'kunena kuti kuyambira lero banja limenelo uziliyang'anira ndiwe. Ndinavomera. Malume ako ungawakanire bwanji?

Ine ndinabwera kale, nthawi ija Amalawi tinkalowa kuno opanda viza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, zaka ndadutsa fote, ndipo ntchito ndimagwira kufakitale ya masangweji, kupaka batala buledi wa anthu amene sindidzawaona. Ndiye za malamulo a dziko lino ngati ndikulakwitsa penapake, ophunzira andikonze. Koma zimene ndinaona ndi maso angawa asandikonze.

Mlongo wanga amasamalira okalamba m'makomo mwawo. Viza ndi yake, ya ntchito imeneyo. Alamu anga anangolembedwa pansi pa dzina lake ngati mwamuna wake, ndipo lamulo lake n'loti banja likatha, iwonso kukhala kwawo kuno kwatha, azibwerera. Tonse tinkazidziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, kungoti palibe ankazitchula.

Alamuwo si munthu woipa, ndipo apa ndi pamene zimandipwetekera. Mowa samwa, mkazi sanamumenyepo. Ku Limbe anali kondakitala wa minibasi, ndiye nthabwala siziwathera pakamwa, ndipo mwana amamupesa okha tsitsi popita kusukulu. Matenda awo ndi mpira. Osati kungoonera ayi, koma kubetcha: ndani agoletse, zigoli zingati, kona yoyamba ndi ya ndani. Anabwera nako pang'ono kuchokera kumudzi, kuno kunadzapeza fetereza.

Chifukwa taonani pa Cape Hill pamene timakhala, ku Smethwick. Ukatsika basi, usanapeze pogula mankhwala a mutu wadutsa kale mashopu angapo obetchera. M'nyengo yozizira m'kati mwake mumafunda kuposa m'nyumba zathu zalendi, ma TV ali khoma lonse, ndipo palibe amakufunsa kuti ukufuna chiyani. Kumayadi kwa anthu andalama, kumene mlongo wanga amakasambitsa agogo a eni ake, sungawaone mashopu amenewa atandandalika chonchi. Eni mashopuwo amadziwa kumene kumakhala anthu otopa, ochoka kushifiti miyendo itatupa, oti ukawauza kuti timu ikangowina masana ano upuma mwezi wonse, akhulupirira. Zonsezi n'zololedwa. Chikalata cha boma chili pakhoma, m'galasi.

Nkhani inaphulika pamene landilodi anafika pakhomo pa mlongo wanga kudzafunsa lendi imene iye ankadziwa kuti inaperekedwa kale. Anandiimbira ndili pa bureki. Sanalire. Anangoti achimwene, itanani anzanu tikhale pansi, madzi afika m'khosi.

Anzangawo ndi bambo ena akutchalitchi kwathu, a ku Rumphi, amene anavomera kuimira mbali ya alamu poti alamuwo kuno alibe wawo. Kumudzi anali aphunzitsi, kuno amayendetsa basi. Ine amanditchula kuti Angoni, ine ndimawatchula kuti Aphunzitsi, ndipo timakangana pa chilichonse. Tinakhala Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi. Alamu anavomera zonse, anagwada, anapepesa. Mlongo wanga anati kupepesa wakumva kambirimbiri, iye chimene akufuna n'choti banja lithe. Apa ndi pamene ine ndinalankhula. Ndinamukumbutsa kuti banja likatha mwana bambo ake aziwaonera pafoni. Ndinati chemwali, ntchito imeneyi undisiyire ine, ndikudziwa kathetsedwe kake. Iye anati chabwino, koma aka n'komaliza.

Kathetsedwe kamene ndinkanenako ndi kamene ndinakaona ndili mwana. Bambo athu anali chidakwa cha kachasu. Zitafika poipa, amalume anawagwira padzanja n'kuyenda nawo kwa mayi aliyense wotcheza kachasu m'midzi yathu, n'kumanena pamaso pawo kuti uyu musamugulitsenso. Ndipo zinatheka. Zinatheka chifukwa mayi wotcheza kachasuyo ankatunga madzi pamjigo umodzi ndi amayi athu, ndipo ankadziwa kuti akanyozera mawuwo, tsiku la maliro pakhomo pake adzakhala yekha. Mawu amenewo ankamutsata munthu kulikonse. Bambo akapita kutsidya kwa mtsinje ankapeza mbiri yafika kale.

Ndiye Loweruka m'mawa tinavala masuti, ine ndi Aphunzitsi, alamu tinawaika pakati, ulendo wa pa Cape Hill. Shopu yoyamba tinapeza mtsikana wachizungu kuseri kwa galasi. Ndinamupatsa moni bwinobwino, ndinamufunsa wadzuka bwanji, kenako ndinayamba kufotokoza. Vuto linali loti mawu oti nkhoswe m'Chingerezi ine sindiwadziwa, ndipo Aphunzitsi ndi sukulu yawo yonse ija sanawapezenso. Ndinamuuza kuti ndine mwini wake wa banja la bambo awa, ndipo kuyambira lero asawalandirenso. Mtsikana uja anatiyang'ana ife awiri amasuti, n'kuyang'ana alamu amene anali atazolika, kenako anawafunsa motsitsa mawu ngati anthu awa akuwaopseza, ndipo ngati akufuna aitane apolisi.

Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira khoma. Anati: "Angoni, mwaona? Mwabwera kudzamanga banja, mutuluka muno mutamangidwa ndinu."

Ine sindinaseke. Koma mtsikanayo atamvetsa, anatithandiza, zimenezo ndisamunamizire. Anati ife achibale mawu athu sagwira ntchito, woyenera kudziletsa ndi mwini wake. Pali nambala yoimba, munthu amatumiza chithunzi chake, n'kutchula mashopu a m'dera limene amakhala ndi kumene amayendayenda, ndipo mashopu amenewo akamuona amamubweza. Za pafoni nazonso zili ndi kotsekera kwake. Alamu anaimba pomwepo, titaima panja pafupi ndi wogulitsa zipatso. Tinawathandiza kutchula: Cape Hill yonse, msewu waukulu wa Smethwick, mpaka Bearwood. Zapafoni anatsekanso, khadi yakubanki anapereka kwa mkazi wawo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. M'mutu mwanga munali moti munthu waletsedwa, basi waletsedwa, ngati kwathu.

Panapita miyezi yabwino. Alamu ananenepa, mlongo wanga anayambanso kuseka nthabwala zawo. Kenako sitolo ina ya nsapato pa Cape Hill inatsekedwa, ndipo pawindo pake anamatapo chidziwitso choti pakubwera shopu inanso yobetchera. Shopu imeneyo inali panjira yeniyeni imene alamu amadutsa poperekeza mwana kusukulu. Mtima unandipsa. Ndinati ayi, dera lino lili ndi eni ake, tiyeni tikawaone.

Khansala wa dera lathu amakhala kulaibulale Loweruka lina m'mawa, kumva madandaulo a anthu. Tinavalanso masuti aja. Tinadikira kumbuyo kwa mayi wina wodandaula za zinyalala ndi bambo wina wodandaula za poimika galimoto. Khansalayo anali munthu waulemu, anatimvetsera osatidula. Ndinamuuza zonse, za lendi, za viza, za mwana. Ndinati inu ndi amene tinakusankhani kuno, tangonenani kuti mashopu amenewa akwana. Anapukusa mutu. Anati iyenso sawafuna, ndipo anthu ambiri anabwerapo ndi dandaulo lomweli. Koma lamulo la njuga linapangidwa ku London, ndipo limati khansolo izipereka chilolezo pokhapokha patapezeka chifukwa cha m'lamulo momwemo. Kunena kuti achuluka, kapena kuti anthu a m'derali sakuwafuna, pakokha si chifukwa chokwanira. Ndinafunsa kuti nanga inu mphamvu yanu ndi ya chiyani? Anati tikhoza kulemba dandaulo, ndiponso tikhoza kukaonana ndi phungu.

Ine zimenezi zinandinyansa kuposa akanatithamangitsa. Munthu wakukana umadziwa poti n'kumenya. Koma uyu akugwirizana nawe, akukumvera chisoni, kenako akukuuza kuti mwini nkhani ali kutali, kumalo kumene sanaimepo pa Cape Hill tsiku la malipiro n'kuona amuna akutuluka m'mashopu muja maso ali gwa. Amene amalola sakhala kuno. Amene amakhala kuno sangakane. Nanga voti yathu ija ndi ya mabini a zinyalala basi?

Pa siteji ya basi Aphunzitsi anapezerapo mpata. Iwo ndi munthu wa fedulo, ndipo pagulu lathu la pafoni la Amalawi sipadutsa sabata asanayambitse nkhani imeneyi, yoti kwathu chigawo chilichonse chizikhala ndi boma lake, chizidzipangira malamulo ake ndi kusunga misonkho yake, m'malo moti zonse zizichokera ku Lilongwe. Ine ndinkawatsutsa nthawi zonse. Ndinkati kadziko kochepa ngati kathu mukagawe bwanji, ndipo akuluakulu kwathu mawu oti chitaganya sankafuna n'kuwamva komwe. Tsiku limenelo anati mwazionera nokha tsopano, Angoni. Anati zimene wakuuzani khansala uja ndi zimene ife akumpoto takhala tikumva moyo wathu wonse, zoti dikirani, mwini mphamvu ali kulikulu. Anati ku America nkhani yomweyi ya kubetcha pa masewera chigawo chilichonse chimasankha chokha, ena analola, ena anakana. Kukanakhala choncho kuno, bwenzi anthu a Smethwick titangovota kuti zatikwana.

Tsiku limenelo ndinaona ngati akunena zoona. Ndinafika mpaka polemba pagulu paja kuti mwina Aphunzitsi pena amaganiza. Anthu anaseka, ena anati Angoni abatizidwa.

Chimene ife sitinkadziwa n'choti alamu anali atayamba kale kukwera basi. Handsworth ili pafupi kwambiri, ukangodutsa ngalande ndi njanji wafika. Koma kumeneko ndi ku Birmingham, si Smethwick, ndipo chachikulu n'choti mashopu a pa Soho Road, msewu waukulu wa kumeneko, sitinawatchule tsiku lija. Chithunzi chawo kumeneko kunalibe. Palibe anaphwanya lamulo. Chiletso chija sichinali pa munthu ayi, chinali pa mashopu amene tinawatchula, ndipo kumene tinalekezera kutchula ndi kumene chinathera. Ndalama ankazipeza potsuka magalimoto kwa mnzawo wina amene amalipira pamanja, mkazi osadziwa.

Zinaululika Loweruka lina masana. Mlongo wanga anali kushifiti, ine kufakitale, mwana anali ndi bambo ake. Mwanayo nthawi imeneyo anali ndi zaka sikisi. M'mashopu obetchera ana saloledwa kulowa, lamulo limenelo ndiye amalisunga kwambiri. Ndiye alamu anamuimika panja, pafupi ndi chitseko, anamugulira tchipisi, n'kumuuza kuti akutuluka pompano. Mpira unayamba. Kunja kunkawaza mvula. Mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye ankadutsa ndi zogula zake, n'kuona kamtsikana kataima kokha, jekete itanyowa, pepala la tchipisi lili m'manja lopanda kanthu. Atakafunsa, kanayankha m'Chingerezi chawo chija kuti adadi anati ndisachoke pano. Mayiyo anakagwira padzanja n'kukankha chitseko. Akuti alamu anali chiimire pansi pa TV, ndipo anachita kuwaitana kawiri kuti atembenuke.

Anaima nthawi yaitali bwanji mwanayo, sindikudziwa, ndipo sindifuna kudziwa. Ndimangoganiza za magalimoto a pa Soho Road, ndi anthu amitundumitundu odutsa pamenepo, ndi kuti akanakhala wapolisi amene anamupeza bwenzi pano tikulankhula zoti boma latenga mwana.

Mawa lake kutchalitchi ndinawapeza Aphunzitsi panja, ndipo ulemu ndinauiwala. Ndinati fedulo yanu ija ndi imeneyi. Smethwick ikane, Handsworth ilole, munthu angokwera basi. Kwathu Mzimba ikane, Kasungu ilole, mwana wanu adzangokwera kabaza. Mbuzi yolawa chimanga ukatseka mpanda mbali imodzi siibwerera kukhola, imazungulira. Iwo anati ndiye mukufuna zonse zizichokera ku London komwe kuja munkakutukwana? Ndinati sindikufuna. Anati nanga mukufuna chiyani? Funso limenelo ndimaliganizirabe mpaka lero.

Ndimati ndikaganiza ndili pa lamba wa masangweji, ndimaona kuti tonse awiri tinkakanganira fupa lopanda mnofu. Mphamvu ikakhala kutali, wapafupi amati si ine. Ikagawidwa tizidutswatizidutswa, wamalonda amangosamukira kutsidya kwa msewu, n'kuika chikwangwani chachikulu choti uzichiona uli kuno. Iyeyo malire sawaona. Timu imodzimodzi, TV imodzimodzi, kampani imodzimodzi ku Smethwick, ku Handsworth, ku Wolverhampton, mpaka pa msika wa kwathu ku Ntcheu kumene ndikumva kuti anyamata akugulitsa nkhuku za amayi awo kuti abetche mpira wa kuno. Malire amationekera ife tokha, amene tikufuna kupulumutsa munthu mmodzi. Ife ndi amene timauzidwa kuti ofesi iyi si yake, dera ili si lathu, imbani nambala ina. Kaya mwina ndi umbuli wanga, koma ine ndimaona kuti amene anakonza zimenezi sanalakwitse. Anakonza kuti kulowa kukhale khomo limodzi lotseguka, kutuluka kukhale makomo ambirimbiri oti uzigogoda limodzilimodzi.

Alamunso sindikuwachotsa mlandu. Anali ndi miyendo yawo, basi anakwera okha, mwana anamuimika okha. Ndinawauza zimenezi pamaso, mawu amene sindingawabwereze pano. Koma munthu wodwala chifuwa sumuika m'nyumba ya utsi kenako n'kumamukalipira kuti akutsokomola dala.

Mlongo wanga anawatulutsa alamu m'nyumba Loweruka lomwelo. Analibe kopita, ndiye anabwera kwa ine, nkhoswe ya mkazi wawo, chinthu choti kwathu anthu akhoza kuseka. Ankagona pampando pabalaza. Patapita masiku anandipempha kuti ndikawapepeserenso. Anati ulendo uno atchula mashopu onse, Handsworth, m'tauni, kulikonse. Ndinapita, chifukwa ndiyo ntchito ya nkhoswe, ndiponso chifukwa ndinkaganizabe za mwana.

Mlongo wanga ndinamupeza akusita yunifomu. Ndinayamba ndi mawu ambiri, za kukhululuka, za mwana kukula wopanda bambo, za manyazi kumudzi. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa. Kenako anaika simbi pansi.

"Achimwene, munati ndikusiyireni, ndinakusiyirani. Tsopano ndiuzeni, mukawaletsa mpaka pati? Tchulani msewu womaliza. Mukandiuza msewu umene basi sipitirira, abwere lero lomwe."

Ndinati chemwali, munthu amasintha.

"Asinthe. Koma asinthire kwina. Ine ndikamasambitsa agogo a eni ake sindingamaganize kuti mwana wanga waima pakhomo pa shopu iti."

Anandiuza kuti wadziwitsa kale a zaviza kuti banja latha, monga lamulo limafunira. Sanachite mobisa, anafuna ndimve kwa iye. Ndinafuna kukalipa, koma ndikanamukalipira chiyani? Mwa ife tonse, amasuti, akhansala, a ku London, iye yekha ndi amene anali ndi mphamvu yoletsadi kanthu, ndipo mphamvu yake inali yokhayo, yothetsa banja lake lomwe.

Nditabwerera kunyumba ndinawauza alamu tili chiimire kukhitchini. Sanatsutse. Anakhala pansi, anagwira mutu, kenako anapempha chinthu chimodzi: kuti masiku amene atsala asananyamuke, aziperekeza mwana kusukulu m'mawa. Ndinamuimbira mlongo wanga. Anati zitheka, bola inu achimwene muzikhalapo, asatsale naye okha ngakhale pang'ono.

Ndiye ndinapempha kuntchito kuti andisinthire shifiti, ndizilowa masana. M'mawa uliwonse timakamutenga mwana pakhomo, amayi ake amatipatsira pachitseko osatuluka. Alamu amanyamula chikwama chake, amamuseketsa, amamuphunzitsa kuitanira minibasi ya ku Limbe, iye n'kumabwereza ndi lilime lake lachizungu. Mwana sanauzidwebe zoti bambo ake akubwerera kumudzi. Ine ndimayenda kumbuyo kwawo, manja m'thumba, kulondera bambo pa mwana wake yemwe. Pageti ya sukulu amamupsompsona pamutu, amaima mpaka atalowa m'kalasi, kenako timabwerera awiri. Tikiti ya ndege tinagula kale.